Ukwati wa Tisa pa Foni Yanga

Mpaka lero kutchalitchi kwathu ku Shimabala amanditchula kuti "Ba Injiniya", ndipo musaganize kuti ndi ulemu.

Mlongo wanga Tisa ankakwatiwa, koma atate sakanatha kubwera. Atapuma ntchito ku njanji anabwerera ku Katete, ndipo miyendo inali itawakaniza maulendo a basi. Zinkawapweteka mtima kwambiri. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti ukwati wonse auonera pavidiyo, pa foni imene tinawagulira. (Ukatswiri wanga wonse ndi wolowetsera anthu simukadi, koma pakamwa sipalipira msonkho.)

Tsikulo ndinaima kutsogolo penipeni, pafupi ndi maikolofoni ya abusa, foni ili m'mwamba. Zinayamba bwino. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kutchalitchiko netiweki ndi yofooka, moti mawu ndi data zimalimbirana kanjira kamodzi. Munthu akakuimbira, vidiyo imaima n'kudikira.

Tisa akungolowa kumene, nambala yachilendo inaimba. Ndinadula. Vidiyo inazungulirazungulira, n'kubwerera. Kwaya isanamalize nyimbo, nambala ija inaimbanso. Ndinadula, thukuta lili kamukamu. Kachitatu ndinadula ndi mkwiyo woti chala chinawawa.

Kenako abusa anapempha bata kuti awiriwo alumbire. Tchalitchi chonse zii. Foni ngriii!

Apa mtima unandithawa. Ndinayankha, osakumbuka kuti sipika ndi yotsegula komanso maikolofoni ili pamphuno panga.

"Ndimwe bandani imwe? Mulibe vochita? Muononga ukwati wa bene!"

"Ndine amene ndinakubala," anatero mawu aja, mpingo wonse ukumva. "Ndabwereka foni ya aneba. Poyamba ndimafuna ndikuuze kuti zikuoneka bwino. Koma chiimbireni, ndikungoona mphuno ya abusa basi!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mabenchi. Ndiye kuti akaimba kudandaula kuti chithunzi chauma, kuimbako n'kumene kunkachiumitsa, ine n'kumadula bambo wanga wondibala. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Abusa anandilanda foni ija bwinobwino n'kuigunditsa pa maikolofoni. "Batate, osadula. Mverani chabe."

Ndipo anamvadi. Tisa analumbira, ndipo atamaliza, atate anamudalitsa pomutchula dzina lake laubwana. Mkwatibwi analira, amayi analira, inenso m'maso munalengeza misozi, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana. Nthungululu zinamveka kuno ndi ku Katete komwe.

Madzulo nditawafotokozera atate pafoni za kanjira kamodzi kaja, anangoseka. "Zaka zonse unakulira pafupi ndi njanji zija, sunaone kuti sitima ikamadutsa magalimoto amaima?"

Sindinasiye kudzitama, chibadwa sichichoka ndi sopo. Koma nambala yachilendo ikaimba masiku ano, ngakhale akhale wotsatsa malonda, ndimayamba ndi kuti, "Muli bwanji, atate?"