Neti ya Tadala inathera mu Lingadzi

Ku Mtandire kuno alipo anthu amene mpaka lero amandiitana kuti Msodzi. Ndimayankha, poti dzina ukamalikana m'pamene limakakamira, koma musaganize kuti ndinaphapo nsomba yoti munthu n'kuionetsa pagulu. Dzinali anandipatsa ndi apongozi anga, ndipo tsiku limene ankandipatsa panalibe anaseka.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitandithina. Galaja imene ndinkagwirako ntchito ku Biwi inali itatsekedwa, ine n'kumangodalira maganyu. Linali dzinja, mwezi uja woti ngakhale agalu amaonda. Ndiwo pakhomo pathu zinali chigwada lero, bonongwe mawa, mkuja chigwada chomwe chija. M'nyengo yoteroyo m'pamene mkazi wanga anandiuza kuti mayi ake akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo Tadala, amene anali atangoyamba kukwawa.

Amene munakwatira ku Ntcheu mukudziwa mmene zimakhalira. Apongozi aakazi suwayang'ana m'maso, sukhala nawo mphasa imodzi, ndipo iwonso sakuuza kanthu pamaso. Mumalemekezana mozembana. Malo okhawo amene mkamwini angaonetsere kuti ndi munthu ndi m'mbale. Ine ndinalumbira mumtima kuti mayi amenewa sadzadya chigwada pakhomo panga ngati kuti abwera kudzaona umphawi.

Nzeru inachokera kwa a Mphande, oyandikana nawo nyumba, amene ankalondera ku Area 47. Kwawo ndi ku Nkhata Bay, ndiye akamakamba za nsomba tonse tinkatchera khutu. (Ndinadzamva mochedwa kuti mudzi wawo uli kumapiri, ndipo nyanja ankangoionera patali.) Iwo anati anthu a ku Lilongwe ndife aulesi, tikugona ndi njala pamene mtsinje wa Lingadzi ukudutsa kuseri kwa nyumba zathu utadzaza milamba. Anatinso usodzi sulira ndalama, umalira mutu basi.

Mutuwo ndinali nawo, kapena ndinkayesa kuti ndili nawo. Ndinapinda sipoko ya njinga kukhala mbedza, chingwe ndinasolola linya m'tayala lakale, nsungwi ndinazula pampanda wa bafa lathu (mpatawo ulipobe mpaka pano). Kachidutswa ka patapata kanali koyandamitsira. Ndinakumba nyongolotsi kudzala, n'kukakhala kumtsinje mmawa wonse. Chimene chinabwera ndi nkhanu imodzi, nayonso inadya nyambo n'kubwerera kwawo.

A Mphande anati vuto ndi mbedza. Ndinatsetsereka wapansi mpaka m'tauni, ndipo ndinapeza mnyamata wina wogulitsa masingano, mankhwala a makoswe ndi mbedza pathumba limodzi. Mtengo wake unali wotsika moti munthu wanzeru akanafunsa chifukwa chake. Ine ndinangothokoza. Mawa lake chinthu cholemera chinakoka chingwe, ndinakoka ndi mphamvu zonse, ndipo mbedza inatuluka itawongoka ngati singano. Ndikukhulupirira kuti mnyamata uja ankangopinda masingano ake omwewo.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Koma a Mphande atayang'anitsitsa mbedza yowongokayo anati umenewo ndiwo umboni wakuti pansipo pali milamba yaikulu ngati ntchafu, yosafunika mbedza koma ukonde. Nditafunsa kuti ukonde ndiupeza kuti, anatsitsa mawu.

"Kodi amayi kunyumbako sanalandire neti kusikelo?"

Analandiradi. Inali yobiriwira, yomangidwa pamwamba pa bedi lathu, ndipo Tadala ankagona mmenemo chibadwire. Pakhomo panalibenso ina.

Tsiku lofika apongozi, mkazi wanga anabereka mwana kumsana n'kupita kudepoti kukawachingamira. Atangokhota pakona, ine ndinakwera pabedi n'kuyamba kumasula. Sindikunamizani kuti mtima sunandiletse. Unandiletsa, makamaka nditaona kasokosi ka mwana katakodwa m'mphepete mwa netiyo. Koma ndinadziuza kuti ndikangokoka kawiri, ndidzaichapa, kuyanika ndi kuimanganso iwo asanafike. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Kumtsinje tinamangirira mapulagi akale a galimoto kumunsi kwa neti kuti imire, ndi mabotolo apulasitiki kumwamba kuti iyandame. A Mphande anapinda buluku mpaka m'mawondo, kenako anakumbukira kuti ali ndi nyamakazi, ndiye anagwira mbali yawo ali kumtunda. Wolowa ndinali ine. Madzi anali ofiira ndi matope, ozizira, ofika m'chifuwa, ndipo pansi ndinkaponda zinthu zofewa zimene sindinafune kuzidziwa mayina. Anyamata okumba mchenga anaima ndi mafosholo awo kumationerera.

Posakhalitsa neti inalemera. Ndinamva chimwemwe chimene sindinachimvenso chichokere ku Biwi. M'maganizo ndinkaona kale apongozi akunyambita zala, akuuza mwana wawo kuti anakwatiwa ndi mwamuna. Ndinakoka, neti inakodwa pa chinthu china pansi, ndinakokanso mwaukali, ndipo ndinamva ikung'ambika. Titaifikitsa pamchenga tinapezamo majumbo, nkhuku yakufa yotupa, ndi matewera otaya a ana a Lilongwe yense, odzaza bwino lomwe. Pakati pa zonsezo pankaphiriphitha timatemba tosakwana n'dzanja lomwe ndi mbululu zambirimbiri.

"Achimwene, zimenezo mukazinga kapena muphika ndi tomato?" anafunsa mmodzi wa anyamata a mchenga aja.

A Mphande anayang'ana dzuwa n'kunena kuti nthawi ya kuntchito yawakwanira. Nthawi inali isanakwane ngakhale masana.

Ndinaika neti m'thumba n'kudzera njira zakuseri, poganiza kuti nthawi ikadalipo. Koma tsiku limenelo minibasi ya ku Ntcheu, imene masiku onse imaima paliponse pamene paima munthu, inafulumira. Ndinapeza apongozi atakhala kale pamphasa pakhonde, Tadala ali pamiyendo. Pambali pawo panali thumba la nyemba, mbatata ya kachewere ndi tambala wamoyo womangidwa miyendo. Ndiwo zimene ndinkazifera mumtsinje anali atabwera nazo okha.

Ndinagwada chapatali monga mwa mwambo, zovala zikudontha, ntchentche zitandiperekeza. Ndinapereka moni nditayang'ana kumbali, iwo anayankha mwaulemu atayang'ana kukhoma. Mkazi wanga anatenga thumba langa lija n'kusuzumiramo. Sanakuwe. Anangofunsa motsitsa mawu ngati imeneyo inali neti ya mwana, ndipo ine ndinayang'ana pansi. Apo m'pamene apongozi anamunyamula Tadala, n'kumayankhula naye ngati ine palibe.

"Iwe Tadala, bwanji sunanditumizire uthenga kuti abambo ako ndi msodzi?"

Netiyo ndinaichapa, kuiwiritsa, kuisoka ndi linya, koma fungo silinachoke ndipo mabowo ena ankalowa chibakera. Mkazi wanga anati mwana wake sagona m'chinthu chimene chagona ndi nkhuku yakufa. Kusikelo anamuuza kuti neti amapereka kamodzi. Ine ndinalonjeza kuti ndigula ina mawa, ndipo mawa limenelo linkasuntha tsiku ndi tsiku, chifukwa kaganyu kakapezeka ufa unkakhala patsogolo. Udzudzu wa ku Mtandire nthawi ya dzinja sudikira malonjezo a munthu. Apongozi ankamukupiza mwana ndi chitenje mpaka tulo titawagonjetsa.

Patapita milungu ingapo Tadala anasiya kuyamwa, thupi linatentha, ndipo masana ena anayamba kugwedezeka, maso atatembenuka. Tinathamanga naye pa kabaza. Kuchipatala anapeza malungo, ndipo namwino, akufufuza mtsempha pakadzanja kake kuti aike diripi, anafunsa funso limene amafunsa aliyense.

"Mwanayu amagona m'neti?"

Apongozi anasisita mutu wa mdzukulu wawo, n'kunena akuyang'ana mwanayo.

"Ayankhe anamwino, Tadala. Uwauze kuti neti yako ili ku usodzi."

Ndanyozedwapo ndi mabwana, ndathamangitsidwapo ndi eni nyumba, koma palibe mawu anandilasa ngati amenewo. Masiku otsatira ndinkakhala panja pa wodi ya ana, pakapinga, pamodzi ndi abambo ena osayankhulana. Mayi akalira mkatimo, tonse tinkadzuka kuti timve ngati ndi mawu a mkazi wathu. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkadziwa kuti mwana akapita, ndidzakhala nditamugulitsa ndi timatemba tosakwana dzanja, timenenso palibe anatidya.

Mulungu anatichitira chifundo, Tadala anachira. Apongozi anabwerera ku Ntcheu osandinena ngakhale liwu limodzi loipa, ndipo kunena zoona bola akanangonditukwana. Sabata yotsatira kondakitala wa minibasi anatipatsira katundu wochokera kwa iwo. Munali neti yatsopano ndi kajumbo ka matemba ouma. Uthenga unadzera kwa mkazi wanga, monga mwa mwambo: andiuze kuti chinachi n'chodya, chinachi n'chogonamo, ndisasokonezenso.

Neti yakale ija pano inatchinga kadimba ka mpiru ka a Mphande, amene amaumirirabe kuti tinangolakwitsa malo oponyera. Ine ndikamadutsa pa Lingadzi ndimayang'ana kutsogolo. Tadala tsopano ali kusukulu, ndipo tsiku lina aphunzitsi atawafunsa ntchito za makolo awo, iye anaimirira monyadira n'kunena kuti abambo ake ndi msodzi. Atandifotokozera madzulo ake, mayi ake anandiyang'ana, ine ndinangopita kuchipinda kukaona ngati neti yake ilibe bowo.