Sabata Imene Ndinaletsa Yewo

Lolemba

Foni yatheranso moto ndili pakati pochonga makope a ana. Chadya batire ndi gulupu ya kwaya yathu!

Ndalemba uthenga umodzi wokha, woti Loweruka tikaimba pa ukwati wa Tiwonge, mwana wa a Nyakaonga, choncho aliyense achape yunifolomu yobiriwira. Mayankho ake ndi awa:

Yewo.
Yewo.
Enya.
Yewo madamu.
Kachithunzi ka chala.
Yewo.

Mpaka uthenga wanga wakwiririka ngati mbatata. Kenako wina n’kufunsa kuti, “Kasi tivala vichi?” Mayo ine!

Chifikireni kuno ku Wenya kuchokera kwathu ku Mulanje, mawu oyamba kuwadziwa anali omwewa, yewo, zikomo wa kuno. Anandiphunzitsa ndi a Nyakaonga omwewo, aneba anga, tsiku lomwe anandibwereka mphasa ndi mbaula katundu wanga asanafike. Pakamwa ndi mawu okoma. Koma pa foni ayi. Netiweki timachita kuikwerera pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Ndiye munthu ukwere chulu, mphepo ikukwapule, bandulo ithe, zonsezo kuti ukawerenge yewo?

Adimini ndine. Anandisankha okha poti ndine mphunzitsi. Ndiye ndaika lamulo: kuyambira lero yankho lizikhala chiganizo chathunthu, cha mutu ndi miyendo. Wopanda chonena akhale chete. Wobwereza dala atuluka m’gulupu.

Ndaliwerenganso lamulolo, lakoma zedi.

Ayankha kale. Yewo. Yewo. Enya madamu.

Lachiwiri

Lamulo layamba kugwira, koma osati mmene ndimafunira.

A Munthali, oimba besi aja amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki, lawasangalatsa kwabasi. Ndangofunsa ngati ng’oma yakonzedwa. Iwo ayamba ndi, “Ndisanayankhe, mundilole kaye ndifotokoze mbiri ya ng’omayi.” Ndatsitsa, ndatsitsa, chala kuchita dzanzi. Ng’ombe imene inapereka chikopa aitchula ndi dzina. Zoti ng’omayo yakonzedwa kapena ayi sanafikepo.

Mercy, woyambitsa nyimbo, walemba kuti, “Yewo yewo yewo yewo yewo. Madamu, chakwana chiganizo?” Mwano!

Ena aleka kulemba, akujambula mawu. Ndamvera:
tambala,
mphepo,
mwana akulira,
munthu akuthamangitsa mbuzi,
ndiye kumapeto kwenikweni, “Enya, tapulika,” ndiye kuti eya, tamva.
Bandulo ya sabata yonse yapita ndi mbuziyo.

Palinso nambala ina yachilendo, yopanda dzina, chithunzi chake ndi maluwa. Yalowa posachedwa. Chilichonse chimene ndingalembe, iyo yewo. Ndachenjeza, yewo. Ndachenjezanso ndi zilembo zazikulu, yewo. Basi, ndaichotsa. Anthu amafuna chitsanzo.

Lachitatu

Bata! Gulupu ili zii. Ndadzuka foni ili ndi moto wake. Ndachonga makope onse, ndachapa yunifolomu, ndaisita. Ndiye chitukuko chimenechi.

Ndalemba kuti mawa tikaphunzire nyimbo ku sukulu, m’kalasi langa, poti kutchalitchi akuzira. Palibe woyankha kupatula a Munthali, amene afotokoza kuipa kwa fumbi pa mmero wa woimba. Enawo ndiye kuti amva. Kukhala chete n’kuvomera.

Pobwera ku mjigo ndapeza a Nyakaonga akuanika chimera cha chindongwa, thobwa wa kuno, wa pa ukwati. Ndapereka moni mwa Chitumbuka changa chotsimphina chija, chimene amaseka nacho masiku onse. Lero sanaseke. Angoyankha, n’kupitiriza kutakasa chimera. Nthawi zonse amanditchula mwana wane. Lero akuti, “Madamu.”

Kutopa kumeneko. Kukwatitsa mwana si masewera.

Lachinayi

Ndasesa kalasi, ndasuntha madesiki, ndalemba nyimbo pa bolodi.

Abwera: a Munthali.

Tadikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako iwo ati tisataye nthawi, tiyambe. Taimba awiri, ine pamwamba, iwo pansi, pakati popanda munthu. Alonda a pasukulu asuzumira pa windo, avula chipewa. Akuyesa kuti kwagwa zovuta.

Pobwerera ndamva kwaya. Yathu yomwe! Mawu a Mercy sindingawasokoneze. Akuimbira pabwalo pa a Nyakaonga, anthu onse, ng’oma ikulira bwinobwino, nyimbo yake yatsopano yoti sindinaimvepo. Ndaima panjira ngati chitsa. Ndapitako? Ayi. Ndazungulira ku dimba kuti asandione, chisoso chadzadza siketi yonse.

Mwina sanaone uthenga wanga. Mwina anaona. Nanga ndidziwa bwanji? Kale ndikanangowerenga mayewo aja n’kudziwa amene wamva.

Chiganizo chimenecho ndachilemba ndine? Ndachilemba ndine.

Lachisanu

Ndakumana ndi Mercy ku chigayo. Sanandibisire kanthu, wachita kukuwa kupikisana ndi injini, mzere wonse ukumva.

Pali gulupu yatsopano. Inatsegulidwa Lachiwiri lomwe lija. Muli onse kupatula ine ndi a Munthali. Ine chifukwa cha lamulo, a Munthali chifukwa cha mbiri ya ng’oma.

Ndiye nambala ya maluwa ija.

“Madamu, mama wa mkwatibwi mwamufumya m’gulupu ya ukwati wa mwana wake!”

Amene ndinawachotsa aja ndi a Nyakaonga. Foni anawagulira mkamwini, yoyamba m’moyo wawo yochita kusisita. Analowa m’gulupu kuti azimva za nyimbo za Tiwonge. Mawu amene anaphunzira kulemba ndi amodzi okha. Akuti ankaitana aliyense wodutsa kuti aone mmene akuwayankhira madamu.

Ufa ndauiwala pachigayo pomwepo, wachita kundithamangira nawo ndi Mercy.

Ndakwera pa chulu, ndawabwezeramo m’gulupu. Pasanapite nthawi foni yalemba kuti atuluka. Okha! Kutuluka ndiye wina wawaphunzitsa msanga.

Ndapita kunyumba kwawo kukapepesa. Pabwalo padzaza abale ochokera ku Nthalire, ena akusenda, ena akupula nyemba. Ndagwada, ndapereka moni kwa mmodzimmodzi mpaka mawondo kuwawa. Kupepesa pamaso pa anthu onsewo ndalephera. Ndabwerako nditangoyamikira nkhuni.

Chinanso. Mercy wandionetsa kuti uthenga wofunika umatheka kuukhoma pamwamba pa gulupu, osakwiririkanso. Kungodina n’kugwira. Basi. Zonsezi!

Loweruka

Ukwati wabwino. Tiwonge wawala. Izi ndilembe kaye, chifukwa n’zoona.

Tsopano zanga. Yunifolomu inasintha. Anagwirizana m’gulupu mwawo kuti onse avale chitenje chofiira cha ukwati. Kwaya yonse psuu, ndiye kumapeto kwa mzere anthu awiri obiriwira ngati mapapaya osapsa, ine ndi a Munthali. Wojambula zithunzi watipempha mwaulemu kuti tisunthe pang’ono. Tasuntha. Wati pang’ononso. Tapezeka tili kuseri kwa chipilala.

Nyimbo zonse zatsopano, za m’Chitumbuka chakuya. Ndangoyendetsa milomo. A Munthali sadziwa kuyendetsa milomo chabe, aimba yawoyawo.

Nthawi ya chakudya ndawapeza a Nyakaonga okha kuseri, akupungulira chindongwa m’ndowa. Ndayamba kupepesa. Chiganizo chathunthu, cha mutu ndi miyendo, chatalika mpaka ine mwini kusokera. Iwo amvetsera osandiyang’ana. Kenako ati:

“Madamu, ine sukulu yayi. Chichewa chakulemba chikunisuzga, maso nawo ndi aŵa. Kamoza kala nkhasambira, nkhati ndimuzgoreninge imwe, mumanye kuti nilipo.”

Kulemba Chichewa kumawavuta. Kaliwu kamodzi komwe anaphunzirako, ankafuna aziyankhira ine, ndidziwe kuti alipo.

Andipatsa kapu ya chindongwa. Ndamwa. Chinali chokoma.

Lamulungu

Lamulo ndalichotsa. Ndalengeza m’gulupu yakale ija. Otsalamo ndife atatu: ine, a Munthali, ndi m’bale wina amene foni yake inagwera m’chitsime chaka chatha. A Munthali ati akutsutsa kuchotsedwa kwa lamuloli, zifukwa zake atumiza zigawo ziwiri, chachitatu chikubwera.

M’gulupu yatsopano sanandiikemo. Mercy akuti akambirana kaye. Sindikufunsanso. Ndikadali kukhulupirira kuti uthenga wofunika suyenera kukwiririka, koma palibe amene akundifunsa maganizo, ndipo akuchita bwino.

Titaweruka kutchalitchi ndavala chitenje chakale, ndapita kwa a Nyakaonga. Miphika ya ukwati ili mbwee pabwalo, alendo apita, nyumba yachita kukula poti Tiwonge mulibe. Ndatenga mchenga ndi chikonyo, ndayamba kukwecha. Iwo mphika wawo, ine wanga. Pakati pake andiuza kuti ndikukwecha ngati munthu wa m’tauni. Ndasangalala ngati andipatsa mphatso.

Zikhadabo zatha, msana wauma. Pochoka andimangira nyemba zotsala m’kapepala ndipo andiperekeza, koma mpaka pa khola la ng’ombe pokha. Kale ankafika nane pakhomo panga penipeni, n’kukhalanso pansi.

Pa khola si pafupi ndi kwanga. Komabe si pakhomo pawo. Miphika ina yatsala, mawa ndikaweruka ndipitanso.