Osathira Kanthu M'khutu la Lameki

Lolemba

Khutu layambanso. Lomwe lija, lakumanja. Mwana wanga Lameki sanakwanitse ndi chaka chomwe, koma khutu lake latiyendetsa kale njira zambiri. Limatupa, iye kulira, ife osagona, kenako limaleka lokha ngati lapita kukapuma kwawo, mwezi usanathe ilo labweranso.

M'mawa sinditsegula makina. Ine ndi mayi wake, Nangozo, ulendo wa ku dispensale. A Dresala, othandiza odwala pamenepo, aunika ndi tochi, apukusa mutu. Akuti mafinya aunjikana kuseri kwa kachikopa ka m'kati ndipo alibe potulukira, n'chifukwa chake mwana akukoka khutu ngati akufuna kulizula. Akuti Loweruka ku boma kukubwera dokotala wachizungu wodziwa kuboola kachikopako ndi kampeni kuti mafinya atuluke bwino. Tikamangozengereza, mwana akhoza kugontha.

Mawu amenewa andilowa m'mafupa. Kwathu ku Bwanje ndili ndi msuweni amene zinamuyamba chonchi. Lero ndi bambo wandevu, koma timacheza naye ndi manja.

Lamulo la a Dresala ndi limodzi lokha: mpaka Loweruka m'khutumo musalowe kanthu. Madzi ayi, mafuta ayi, nthenga ayi.

Kantchito kochepa! Ine ndine telala wa pakhonde la sitolo ya Che Amidu pano pa Mlangeni, munthu amene ndinasokapo jekete la abusa la matumba am'kati. Khutu la khanda lingandikanike? Zochita ndi izi:
kusoka chipewa chotseka makutu, cha zingwe;
kuuza mudzi wonse lamulo la a Dresala;
kupempha malo pa lole ya Che Amidu yonyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita ku boma.

Nangozo wamva zonse, wangoti, "Amayi mukawauze nokha."

Lachiwiri

Chipewa chatheka! Kunja khaki wotsala pa kabudula wa mesenjala wa Bwana Disii, m'kati kachidutswa ka bulangeti. Lameki akuoneka ngati msilikali wa Keyala wobwerera ku nkhondo. Akulirabe, koma mwaulemu wake.

Tsopano za apongozi. Ine pano ndine mkamwini, ndipo chikwatire sindinaonanepo nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kuthengo la uku, ine la uko. Nanga lamulo ndiwauza bwanji?

Ndapita kukanjuta kuseri kwa nkhokwe yawo, iwo ali mbali inayo akutonola chimanga. Ndaomba m'manja, ndayamba kufotokozera nkhokweyo zonse: za kachikopa, za mafinya, za Loweruka. Nkhokwe yamvetsera bwino. Apongozi ayankha polankhula ndi nkhuku zawo. Akuti iwo analera ana ambiri, onse ali ndi makutu awiriawiri, ndipo sanaonepo khutu likuchira ndi chipewa. Kenako aingitsa nkhukuzo mwamphamvu. Ndamva kuti nkhani yatha.

Madzulo ndikamunyamula Lameki, fungo la nsatsi kuti guu. Ndivundukula chipewa, khutu lili noninoni, zingwe zamangidwanso bwinobwino, mfundo yokongola kuposa yanga. Nangozo akuti anangopita kumadzi pang'ono, mwana anamusiyira agogo ake.

Osadandaula. Tsiku limodzi lokha lawonongeka.

Lachitatu

Lero mwana ndimulera ndekha. Nangozo apite kudimba, Lameki apita nane kuntchito.

Ndamubereka kumbuyo ndi nsalu. Amayi a pachitsime aseka mpaka wina wagwetsa mtsuko. Wina wafuula kuti mawa ndibwere ndidzawathandize kusinja. Ndadutsa ngati wogontha ndine.

Pakhonde ndaona chodabwitsa: ndikamapalasa makina, mwana ali kumsana, amatonthola. Ndikaima, kulira. Choncho ndapalasa m'mawa wonse, mwina posoka, mwina wopanda nsalu. Miyendo yatha.

Aliyense wobwera kusitolo ndi dokotala. Mankhwala amene ndauzidwa lero:
madzi a anyezi;
mafuta a nkhuku yakuda;
mkodzo wa mwana mwiniyo, wam'mawa;
parafini (awa ndi a kapitawo a pamsewu, ndipo amanenetsa);
kumusintha dzina, poti mwina la Lameki likumulemera.

Onsewa ndawakaniza mwaulemu. Akazi a Che Amidu abwera ndi kabotolo ka mafuta onunkhira, ndawakanizanso, agwa nkhope. Komabe malo a pa lole Che Amidu andilonjeza, a anthu awiri ndi khanda.

Masana kwabwera aphunzitsi kudzayesa malaya awo. Ndi tulo tangati, ndawasokera mikono yonse iwiri yakumanzere. Aima ngati khwangwala wothyoka phiko. Kuti ndiwaone bwino ndamutsitsa Lameki pansi, pafupi ndi thumba la nyemba. Potembenuka, chipewa chili m'khosi, m'manja muli nyemba, ndipo nyemba imene ndinaiona pa chala chake sikuonekanso.

Mayo ine! Ndayang'ana m'khutu lodwala, mulibe. M'khutu labwino, mulibe. M'mphuno, mulibe. Aphunzitsi andithandiza kuunika ndi kalilole wa m'sitolo, ali chivalire malaya opotoka aja. Nangozo sindinamuuze.

Lachinayi

Nyemba yapezeka, m'thewera. Yathunthu. Ndathokoza Mulungu mokweza, Nangozo wandiyang'ana modabwa kuti thewera lili ndi chiyani chothokozera.

Chisangalalo sichinakhalitse. Kwabwera a Zakeyo, mlongo wake wa Nangozo, malume ake a Lameki, amene anakhalitsa ku Halale n'kubwerako ndi chipewa cha nthenga ndi kaliwo wosachoka pakamwa. Amva kuti ndikufuna kukabooletsa mwana. Aitanitsa mpando, ine andipatsa mphasa.

Akuti iwo zinthu izi amazidziwa. Bwana wawo wa ku Halale ankanena kuti kwa Azungu akaboola khutu amasiyamo kampope kakang'ono kuti mphepo izilowa. Ndayesa kunena kuti a Dresala sanatchule za mpope. Andidula. "Wobereka ndinu, alamu, koma mwini mbumba ndine. Mwana wa mlongo wanga saikidwa mpope ngati njinga."

Pofika masana nkhani yazungulira mudzi. Ena akuti mpopewo udzalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ena akuti mwana azidzalira mluzu kukamawomba mphepo. Mayi wina wa kutsidya, malire ndi Apwitikizi, wamva zoti ndagulitsa mutu wa mwana kwa Azungu, wabwera kudzapepesa maliro.

Madzulo ndikubwera kuntchito ndipeza a Zakeyo amukhazika Lameki pamwendo, chipewa changa chili pansi, akukoka kaliwo n'kumauzira utsi m'khutu. Akuti ku migodi amatero. Oopa mpope aja! Mwana akutsokomola, akulira, iwo akuti ndiye kuti mankhwala akugwira.

Zolowa m'khutu chiikireni lamulo: nsatsi, utsi. Za nyemba sitiwerenga.

Lachisanu

Lero palibe choseketsa. Thupi la mwana latentha ngati mbaula ya makala. Bere akukana. Kulira kwake kwasanduka kubuula.

Nangozo wamugoneka pamphasa, khutu labwino pansi, wapita kumbuyo kwake n'kuitana dzina. Osatembenuka. Wamenya mbale ndi supuni. Osatembenuka. Wakhala pansi pomwepo, misozi chuchuchu, n'kundiuza kuti nayenso wakhala akudonthezamo mkaka wa m'mawere m'mawa uliwonse chiyambire Lolemba, poti sakanatha kungoyang'ana mwana akuvutika manja ali lende. Ndinafuna kukalipa. Ndangokhala naye pamphasapo, mwana pakati pathu.

Kenako wadzuka, wamanga nsalu m'chiuno, wapita kwa a Zakeyo. Sindinamvepo Nangozo akulankhula ndi achimwene ake chotero. Mawu amamveka mpaka kuno. Wawauza kuti mbumba ndi yawo inde, koma mwana akagontha adzalankhula naye ndi manja ndi iyeyo, osati iwo, ndipo mawa akwera lole, afune asafune.

A Zakeyo alola. Koma akuti apita nawo, kuti akaone ndi maso awo kuti mpope usalowe. Apongozi atamva, auza nkhuku zawo kuti nawonso apita.

Malo ndinapempha a anthu awiri. Ndabwerera kwa Che Amidu, ndayamba ndi kupepesa za kabotolo ka akazi awo. Aseka, akuti tikwere tonse, bola tisakhalire kabichi.

Vuto latsala: lole ndi imodzi, apongozi ndi ine. Thengo lopatukira mulibemo.

Loweruka

Tanyamuka nkhungu ili tolo, kuzizira kolasa m'mano. Takhala motere: apongozi kutsogolo pa matumba a kachewere, atafunda nsalu kumutu, Nangozo ndi mwana pakati, a Zakeyo chiimire, dzanja lina pa chipewa, ine kumapeto kwenikweni, nditafulatira onse, miyendo ili lende, fumbi lonse la msewu likuthera mwa ine. Ulemu ndi wowawa.

Lameki walira njira yonse. Titadutsa Biriwiri, potsetsereka, lole yagwa m'dzenje. Tonse m'mwamba! Chipewa cha a Zakeyo chauluka, ine ndagwera chagada pa matumba, mutu wanga n'kukafika pa mapazi a apongozi. Tayang'anana. Koyamba. Onse awiri tatsinzina msangamsanga.

Mwana wakuwa kamodzi, mokweza kwambiri, kenako zii.

Nangozo akumugwedeza, akuitana. Ndakwawa pa matumba, ulemu ndaiwala. Timuvula mwana chipewa chija: mafinya akuyenderera m'khosi mpaka pa phewa la mayi wake. Lameki watiyang'ana, wayasamula, wafuna bere. Wayamwa ngati wabwera ku ulendo, n'kugona.

Kuchipatala mzere wautali, tafika kwa dokotala dzuwa litapendeka. Mzungu wamtali, wotopa, galasi lozungulira pamphumi. Waunika, walankhula, womasulira akuti kachikopa kaboka kokha, kampeni sikafunikanso. Apukuta ndi thonje, abaya jekeseni, mwana walira pang'ono. Kenako dokotala wanunkhiza thonje lija, wakwinya mphuno, wafunsa kuti m'khutumu munathiridwa chiyani.

Apongozi ayang'ana kudenga. A Zakeyo abisa kaliwo m'thumba. Nangozo akukonza thewera losafuna kukonza. Ine ndayankha kuti ndinasoka chipewa. Womasulira sanavutike n'kumasulira komwe.

A Zakeyo alimba mtima, afunsa za mpope m'Chingerezi chawo cha ku Halale. Dokotala sanamve, womasulira wathandiza. Dokotala akuti zoterozo anaziwerengapo kuti madokotala ena kutali akuyesa, koma iye sanakaonepo kampopeko, ndipo kuno kulibe. A Zakeyo atuluka monyada ngati aletsa ndi iwo.

Ine ndafunsa changa chimodzi: kodi adzamva? Dokotala watenga makiyi ake, wawagwedeza kuseri kwa khutu lodwala. Lameki wakhala kaye. Kenako watembenuka pang'onopang'ono, watambasula dzanja. Nangozo wagwira pakamwa. Dokotala akuti kachikopa kamatsekeka kokha tikasunga khutu louma, koma mwa ana otere zimabwereranso, likadzatupa tidzabwere msanga. Iye adzakhalako liti, sakudziwa.

Pobwerera lole inalibe katundu, tinagudubuzika ngati maungu. Chipewa cha a Zakeyo tachipeza pa Biriwiri chili pamutu pa munthu wogulitsa tomato. Akuti anachitola, ndipo chikumukwana.

Lamulungu

Nyumba yonse tagona mpaka dzuwa kutuluka. Ndadzuka ndi mantha chifukwa cha bata, ndakaika khutu langa pamphuno pa mwana. Akupuma.

Mudzi wagamula kale nkhani. Apongozi akuti yakhwimitsa chotupa ndi nsatsi. A Zakeyo akuti utsi. Dalaivala wa Che Amidu akuuza anthu pa sitolo kuti iye amachiza makutu ndi dzenje la pa Biriwiri, ndipo mayi wina wamufunsa kale tsiku lopitanso ku boma. Za ine palibe akutchula, kupatula aphunzitsi, amene akufuna malaya awo.

Sindikutsutsa aliyense. Ndatopa, ndipo mwana akuseka.

Kutchalitchi takhala monga mwa masiku onse, amuna uku, akazi uko. Pa nyimbo yachiwiri ndaponya maso kwa Nangozo. Lameki ali pamwendo pake, wakweza dzanja, wagwira khutu lakumanzere, labwino lija. Walikoka. Walikokanso.

Nangozo wandiyang'ana, ine ndamuyang'ana. Nyimbo yatithawa tonse awiri.

Potuluka sitinanene kanthu mpaka pa mlatho. Pamenepo iye ndiye wayamba, maso ali kutsogolo: "Mwina inali ntchentche."

Ndavomera kuti inali ntchentche. Kuzizira konseku, ntchentche sindinaione chiyambire mwezi uno, koma tagwirizana choncho.