Usipa pansi pa mpando wa Njati

Ndinene poyambirira kuti ine sindinalakwe kwenikweni. Inu amene mwayamba kale kuseka, sekani, koma mumve kaye kwa mwini wake, chifukwa nkhani imene ikuzungulira m'mafoni mwa Amalawi a muno mu Nairobi yathiridwa mchere wambiri.

Ine ndili ndi galimoto ya dizilo, zija zazitali zoyenda m'matope ndi m'miyala, yakale ndithu, ndinagula kwa mnzathu wina wa kuntchito amene ankabwerera kwawo. Ndimaitcha Njati. Ikalira m'mawa, anansi athu ku Kilimani amatseka mawindo, alonda a pageti amatsokomola, koma ine ndikakwera ndimakhala pamwamba, ndipo ngakhale madalaivala a matatu, minibasi zamwano za kuno zija, amaganiza kawiri asanandipanikize. Amuna anga, bambo a Tadala, Njati sanaikondepo. Iwo ali ndi kagalimoto kawo koyera, kamene kakaona chithaphwi kamayamba kupemphera. Nyimbo yawo inali imodzi tsiku ndi tsiku: tigulitse chinthu chimenechi, chimamwa dizilo, chimagona kwa makaniko, chidzatichititsa manyazi. Ine ndinkangowayankha kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Tinakangana mpaka tinapangana pamaso pa ana kuti ikadzatichititsa manyazi pagulu, kamodzi kokha, igulitsidwe. Ndinavomera mosaopa, chifukwa ndimaidziwa Njati yanga.

Chaka chino tinaganiza zokakhala kumudzi nyengo yonse yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Vuto linali loti pa nyumba zosanjikizana zomwe timakhala, banja lililonse lili ndi malo a galimoto imodzi, ndipo mukudziwa kale galimoto imene inapatsidwa malowo. Njati imagona pamalo a alendo, ndipo woyang'anira nyumba ananeneratu kuti siingakhale pamenepo miyezi yonseyo. Ndiye ndinapempha Mayi Mbewe, mnzanga wa kutchalitchi amene amakhala ku Ngong, ali ndi bwalo lalikulu ndi khola la nkhuku, kuti andisungire.

Tsono kasungidwe kake, abale, ndinachita mwaukatswiri, ndipo palibe amene angandichotse ulemu umenewo. Ndinadzaza thanki mpaka kukhosi kuti kuzizira kusachititse thukuta mkati madzi n'kusakanikirana ndi dizilo. Ndinasinthitsa oyilo. Batire ndinachotsa n'kukaika m'nyumba pouma. Ndinaikweza ndi jeke n'kuikhazika pa zitsa kuti matayala asaphwanyike mbali imodzi, handibuleki ndinaisiya yomasula kuti isagwirane, mawindo ndinatseka kuti gwa. Ndani mwa inu akadachita zonsezi? Ndili pafupi kufunditsa lona, Mayi Mbewe anaima pambali manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Koma asisi, makoswe a kuno mwawaganizira? Anazolowera chakudya cha nkhuku, ndi onenepa ngati ana a mphaka. Galimoto ya a neba anaitafuna mawaya onse."

Ndinaseka. Makoswe? Ine mwana wokulira m'nyumba yogona ndi matumba a chimanga ndiope khoswe? Kwathu mankhwala ake timawadziwa: usinja usipa pang'ono, usakaniza ndi mankhwala a makoswe, uika pakona, basi nkhani yatha. Ndipo usipa ndinali nawo, ndinabweretsera Mayi Mbewe ngati zikomo, wa kwathu weniweni, wonunkhira kuchokera patali. Ndinatapako manja awiri, mankhwala ndinagula pa kasitolo ka ku Ngong komweko, ndinasakaniza bwinobwino ndi kamafuta pang'ono kuti zikome, n'kuika m'tizivundikiro ta mabotolo. Kena pansi pa mpando wanga, kena pansi pa mpando wa bambo a Tadala, kena kumbuyo koika katundu, kena pafupi ndi zopondera. Ndikufunseni, kodi kwanu mankhwala a makoswe mumaika kuti? Si pamalo pomwe simukufuna makoswewo? Ndinatseka zitseko, ndinafunditsa lona, ndinamanga zingwe, ndinapita kumudzi mtima uli m'malo.

Tikadali kumudzi anandiimbira Chisomo, mtsikana wa kwathu amene amaphunzira kuno ndipo ndimamutenga ngati mwana wanga. Ukwati wake ndi mnyamata wa ku Kenya kuno unali mu Ogasiti, ku katchalitchi ka kwawo kwa mwamunayo kuseri kwa mapiri a Ngong, ndipo msewu wake, anati, magalimoto ang'onoang'ono amangouona n'kubwerera. "Anti, mudzandinyamule pa Njati chonde." Ndinaika foni pa sipika dala kuti bambo a Tadala amve. Tsiku langa linali litakwana.

Tinabwerera sabata ya ukwatiyo, ndipo ndi chipwirikiti cha madiresi ndi makeke sindinapeze mpata wopita ku Ngong mpaka m'mawa wa tsiku lenilenilo. Sindinadandaule, mkwatibwi ankavalira kwa Mayi Mbewe komweko. Kunacha ndi chiperoni cha mtundu wa ku Thyolo, nkhungu yaphimba mapiri, kuzizira kolowa m'mafupa. Bambo a Tadala anaimika kagalimoto kawo, anapinda manja n'kuima pakhonde ngati munthu wodikira zotsatira za mayeso a mnzake. Ndinavundukula lona, ndinabwezera batire, ndinakhala pampando. Kafungo kena kanandilonjera, koma ndinati galimoto yatsekedwa miyezi, ndi chinyezi chabe. Ndinatembenuza kiyi, ndinadikira kanyale kotenthetsa injini kazime monga mwa mwambo wa dizilo, kenako ndinaliza. Inatsokomola, inagwedezeka, inalavula utsi wakuda nkhuku zonse n'kubalalika, kenako inabangula! Ndinatulutsa mutu pawindo n'kufunsa, "Bambo a Tadala, mwamva kapena ndibwereze?"

Ndinalowetsa giya, ndinaponda. Injini ikulira, galimoto ili pomwepo. Ndinapondanso. Ili pomwepo. Mtima unagwa, ndinati giya bokosi yatha, andigulitsira Njati yanga lero. Bambo a Tadala anabwera pang'onopang'ono, anagogoda pagalasi, n'kunena mofatsa kuti, "Mayi a Tadala, kodi ulendowu tipita ndi zitsa zomwe?" Matayala ankangozungulira m'malere. Ndinawauza kuti ndimayesa ngati akuzungulira bwino, ndipo mpaka lero ndikunena zomwezo. Pamenepo panalibe gulu, panali iwo ndi nkhuku, ndiye sizikuwerengedwa.

Titaitsitsa, kafungo kaja kanakula. Ndinasuzumira pansi pa mpando. Tizivundikiro tonse tili mbee, tonyambitidwa, ndipo pambali pake pagona alendo angapo, ouma kale. Apa m'pamene ndinazindikira kuti sindinathamangitse makoswe, ndinawaitanira kuphwando. Fungo la usipa wa kwathu linamveka Ngong yense, ndipo khoswe akafuna kulowa safunsa kuti chitseko chili kuti. Ndinawatola msangamsanga ndi pepala la pulasitiki bambo a Tadala atatembenuka, ndinaponya kuseri kwa khola, ndinasesa, ndinapopera pefyumu wanga wa kutchalitchi botolo lonse. Atsikana anabwera ndi maliboni ndi maluwa, Njati inawala ngati yatsopano. Chikomekome cha nkuyu.

Chisomo anatuluka, mwana wokongola, diresi loyera losiya mapewa pamtunda, velo mpaka pansi. Anakhala kumbuyo ndi Mayi Mbewe, bambo a Tadala kutsogolo ndi ine poti kagalimoto kawo sikakanatha msewu umenewo. Bambo a Tadala atakhala ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa kuti chikununkha n'chiyani. Ndinati maluwa a ku Kenya.

Tinasiya tala, tinalowa m'matope, ndipo apa Njati inaonetsa chimene ndinaigulira. Magalimoto a operekeza tinkangowapitirira atatitimira m'mbali, amuna a masuti akukankha. Ine ndinkangoyang'ana bambo a Tadala ndi diso la kumbali, kukoma kwake! Titayamba kukwera chitunda chachitali choterera, Chisomo anati, "Anti, ndikuzizidwa, mano akugundana." Ndikanangomupatsa chitenje nkhani ikanathera pomwepo. Koma ayi, ndinafuna kumaliza kuwina. "Mwanawe, Njati ili ndi hita yoti ungawotchere mbatata," ndinatero, n'kupotokola kabatani mpaka kumapeto.

Munamveka phokoso m'kati mwa dashibodi ngati chigayo chameza mwala. Kenako m'mabowo onse a mpweya munatuluka mphepo yotentha, ndipo pamodzi ndi mphepoyo munatuluka ubweya, tizidutswa ta siponji yotafunidwa, ndi zina zomwe sinditchula poti ena mukudya. Ndipo fungo! Abale, ndinatola aja a pansi pa mpando, koma abale awo ambiri atadya anakafera m'mapaipi a hita, ndipo ine ndinali nditangowayatsira moto. Mayi Mbewe anakuwa, "Mayo ine, tafa!" Bambo a Tadala anagwira mphuno ndi tayi, "Zimitsani! Zimitsani chinthucho!" Ndinapotokola kabatani kubwerera, kanatsalira m'manja mwanga.

"Imani titsike!"

"Ndiime pati? Ndikaima pachitunda pano tibwerera chambuyo mpaka ku Ngong!"

Tinatsegula mawindo onse. Ndiye taganizirani: Njati yovala maliboni ikubangula pachitunda, mitu inayi ili kunja, velo ya mkwatibwi ikuuluka m'chiperoni, ubweya ukumatirira pa zodzoladzola za kumaso kwake, ine ndikuyendetsa ndi dzanja limodzi kabatani kali m'dzanja linalo. Chisomo sindinkadziwa ngati akulira kapena akuseka, ankangoti, "Anti! Anti!"

Tinafika pa tchalitchi. Amayi a kuchimuna anali atayala nsalu zawo pansi kuti mkwatibwi apondepo, akuimba, akululutira, akuvina kubwera ku galimoto. Ndinazimitsa injini, hita inaleka, koma zomwe inachita inali itachita kale. Mayi wina wamkulu anatsegula chitseko cha kumbuyo akumwetulira, ndipo nyimbo inafera pakamwa. Anabwerera m'mbuyo, anzake anabwerera naye, wojambula zithunzi anatsitsa kamera. Ine ndinatsika mutu uli m'mwamba, ndinakonza duku langa, n'kuwauza kuti mkwatibwi wafika pa nthawi yake, ena onse akadali m'matope. Kodi ndinanama? Anamutengera kuseri, anamupukuta, anamupopera, ukwati unamangidwa bwinobwino, kungoti abusa anaima patali pang'ono kuposa masiku onse.

Mawa lake bambo a Tadala anadikira ndimalize tiyi. "Mayi a Tadala, pangano lija." Ndinalimbana nawo, ndinati Njati sinalakwe, inalira, inakwera chitunda, olakwa ndi makoswe osadziwa kukafera kwawo. Iwo anangofunsa kuti, "Panali gulu kapena panalibe?" Gulu linalipo, mitundu iwiri. Ndinagonja, ndipo sindibisa, zinandiwawa kwambiri. Ndinakalira kubafa, chifukwa galimoto imeneyo ndi chinthu choyamba chachikulu chimene ndinagula ndekha ndi thukuta langa m'dziko la eni.

Makaniko anamasula dashibodi yonse, anachotsa zomwe anapeza atamanga mpango kumphuno, anthu otsuka anatsuka mipando ndi makapeti, ine ndinaikamo makala, khofi, makoko a mandimu. M'mawa kukazizira mumakhala bwino ndithu. Koma dzuwa likangoimenya pang'ono, malemu aja amakumbutsa kuti anakhalamo.

Bambo a Tadala anamata chikwangwani chogulitsa pagalasi, akuimba kanyimbo. Woyamba kubwera anali bambo wina wa ku Rongai, wodziwa magalimoto. Anamvetsera injini n'kugwedeza mutu mokhutira, anagona pansi kuyang'ana kunsi, anamenya matayala ndi phazi, ine mtima ukungosweka. Kenako analowa n'kutseka chitseko. Linali dzuwa la masana. Sanakhalitse, anatuluka maso ali ndi misozi n'kundifunsa m'Chiswahili kuti, "Mama, hii gari ilikuwa ya kubeba maiti?" Ankafuna kudziwa ngati inali yonyamula maliro. Ndinamuyankha mwaulemu kuti eya, koma ang'onoang'ono. Sanatsanzike n'komwe.

Anabwera ena, onse ankachoka chimodzimodzi. Bambo a Tadala anatsitsa mtengo, anayesa kuitana anthu m'mamawa kusanatenthe, koma wogula galimoto safulumira, amafunsa izi ndi izo mpaka dzuwa likwere, ndipo ine ndinkaonetsetsa kuti ndawapatsa tiyi kaye. Sabata yatha ndinawaona pawindo akumatula okha chikwangwani chija, mwakachetechete, n'kuchipinda kuika m'thumba. Atalowa m'nyumba anati, "Chinthu chanu chija ngakhale chaulere anthu akuchikana." Ndinawathokoza.

Ndiye Njati ndi yangabe, ndipo ndimayenda nayo mawindo ali otsegula, mutu uli m'mwamba, pamsewu anthu amandipatsa mpata kuposa kale. Chokhacho ndalumbira ndi ichi: sindidzaphikiranso khoswe m'galimoto, ndipo amene akufuna ndimunyamule pa ukwati wake abwere ndi bulangete lake.