Mafupa a pa Doko la Magoli

Kwa Olemekezeka Bwana Wapampando,
Bungwe la Tisunge Zakale,
Ku Likulu.

Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire pokudyerani nthawi. Ndine Hubert Kachigamba, mphunzitsi wopuma wa kuno ku Dwambazi. Mwina mungandikumbukire: ndine mkulu wadazi uja ndinakugwirirani ambulera tsiku munadzatsegulira chikwangwani pa Doko la Magoli, zaka zitatu zapitazo.

Poti malo omwe mumasamalira ndi ambiri, ndikukumbutseni. Pa dokoli m'pamene akapolo ankaolotsedwa mtsinje popita nawo kokakwera zombo. Ukapolo utatha, ena anasowa njira yobwerera kwawo. Anamanga pomwepo, naumba njerwa za kachalichi kawo, ndipo anagona pomwepo, pamwamba pa gombe. Mmodzi mwa iwo ndi agogo awo a bambo anga.

Ndiye ndati ndithokoze.

Choyamba, chikwangwani. N'chokongola zedi. Dzina lanu munthu amaliwerenga ali pa njinga osatsika. Mayina a akapolo aja, omwe tinakulemberani pa pepala, anasowa malo. Tikumvetsa, bwana. Eni akewo anazolowera kupanikizika.

Chachiwiri, mkuyu. Unkatchinga chikwangwani chija, ndiye anyamata anu anaugwetsa ndi makina mmawa umodzi. Ife osadziwa zinthu tinkayesa kuti mizu yake ndiyo inkagwira gombe. Mwatsoka mtsinje nawo sunapite kusukulu, unkaganiza ngati ife.

Chachitatu, unyolo wadzimbiri womwe unkakhala m'kachalichi. Munati mukausunga pabwino, ndipo mwausungadi: palibe anauonanso. Njerwa zakale zija munazisunganso. Dyna, mwana wa mlongo wanga, amayala mabedi pa malo ogona alendo a alamu anu kunyanja. Akuti azungu amazijambula kwambiri njerwazo pa khoma la pomwera mowa. Mbiri yathu yatchuka, tinganenenji.

Chachinayi ndi chachitali, pirirani nane.

M'munsi mwa chikwangwani munalemba kuti n'koletsedwa kukumba, kubzala kapena kusuntha kanthu popanda chilolezo chanu. Tinamvera. Gombe litayamba kung'aluka ndinakulemberani kanayi kupempha kuti tibzalepo nsungwi. Yankho tikudikirabe.

Mu Febuluwale mtsinje unadzaza, gombe n'kugumuka ndi mitumbira itatu. A Tahiru, msodzi amene amaitanira mapemphero ku mzikiti wa kwathu kuno, anapeza mafupa atakodwa m'mabango momwe amatchera mono. Anafika nawo pakhomo panga atawakulunga mu mkanjo wawo woyera wopempherera Lachisanu. Makolo a a Tahiru ndiwo ankapalasa bwato loolotsa akapolo aja. Iwo amadziwa, ine ndimadziwa, koma pa zaka zonse takhala tikugulana usipa sitinakambepo. Tsikulo anangoti, "Aphunzitsi, akwathu anawaolotsapo kale anthuwa. Madzi asawatengenso ine ndikuona."

Sindikudziwa ngati agogo anga anali mu mkanjomo. Fupa silitchula dzina. Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira ngati mwana, ine wa zaka makumi asanu ndi awiri. Madzulo ake tinawaika kumtunda, Akhristu ndi Asilamu, khasu limodzi kumalandirana.

Patangotha masabata awiri tinalandira kalata yanu yoyamba chiyambire. Inali yotidzudzula posuntha "zinthu zakale" popanda chilolezo, ndi kutichenjeza kuti tikadzachitanso tidzakayankhira kukhoti. Chimwemwe chathu chinali chachikulu pozindikira kuti muli moyo ndipo adiresi yathu mumaidziwa. Tikupepesa. Tikukhulupiriranso kuti mtsinje, poti ndiwo unayamba kusuntha, unalandira kalata yakeyake.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Yatsala mitumbira isanu ndi itatu, ndipo wakutsogolo uli mapazi anayi kuchokera pa phompho. Ndayeza ndekha ndi ndodo. Uno ndi Novembala, mabingu ayamba kale kumapiri. Makasu tili nawo, miyala amayi a kwaya atuta, a ku mzikiti alonjeza nsalu. Sitikupempha simenti kapena galimoto. Tikungopempha kapepala kotilola kusamutsa akufa athu mvula isanagwe, kuti tisafere m'ndende ukalamba uno.

Sindingayerekeze kukuitanani kuti mudzabweretse nokha, matope a kuno sagwirizana ndi nsapato zanu. Ngati n'kotheka mupatsire dalaivala wanu. Pa anthu onse munabwera nawo tsiku lija, ndi iye yekha anavula chipewa pofika pamanda.

Ine mdzukulu wa akapolo, ndipo mwa chizolowezi cha banja lathu, kapolo wanu,

Hubert Kachigamba
Dwambazi, Nkhotakota