Phini wa pa duku la apongozi

Pali manyazi ena oti ngakhale usambe ndi sopo sachoka. Anga ndinawatola Lachitatu lina ku ofesi ya kopaletivi yathu ya alimi a mtedza ku Namitete, kumene ndine mlembi.

Atatiikira intaneti, mayi wina katswiri wochokera ku Lilongwe anandiphunzitsa mawu angapo. Kabokosi kothwanima kaja ndi rauta. M'kati mwake muli fayawolo, amene ali ngati mlonda wa pageti: ali ndi mndandanda wa ololedwa kulowa ndi wa okanizidwa. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse (ndinamva theka), ndipo kuyambira tsikulo ngakhale kogula tomato ndinkatchula fayawolo.

Vuto linali lakuti pasiwedi kwathu kuno ili ngati moto: ukapatsa mmodzi, mudzi wonse wapala. Pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi pankadzaza anthu owerama pa mafoni, ife m'katimu netiweki ikukwawa. M'mawa umenewo ndinati lero aona. Ndinatsegula laputopu n'kuyamba kubuloka foni iliyonse yachilendo imene inalowapo pa netiweki yathu, ngakhale masiku apitawo. Ina mwini wake anaipatsa dzina loti "Mulungu Alipo". Ndinati alipodi, koma bandulo ndi ya kopaletivi, n'kudina.

Cha m'ma leveni anatulukira mkazi wanga ndi amayi ake. Ndinali nditaiwaliratu kuti mlamu wanga wa ku Joni aimba pavidiyo masanawo kuti apongozi aone mdzukulu wobadwa kumene, ndipo kuntchito kwake amangomupatsa mphindi zochepa zopuma. Apongozi anatchena chitenje cha kutchalitchi, m'khwapa muli nkhuku yoti mwana aione.

Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sitiyang'anana m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Choncho iwo anakhala pakhonde, ine m'kati, mkazi wanga pakhomo kuperekera mawu.

"Bambo a Chisomo, amayi akuti foni yawo ikukana netiweki."

"Tawafunsani, foniyo dzina lake ndani?"

"Akuti Mulungu Alipo."

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinathamangira kukonza, koma mwaphuma ndinadina lamulo loti mlonda akanize aliyense amene sali pa mndandanda wa ololedwa. Mndandandawo unalibe dzina ngakhale limodzi, langa lomwe munalibe. Laputopu yanga nayo inatayidwa kunja (inde, mlonda anathamangitsa bwana wake yemwe).

Ndinaimbira katswiri uja. Ataseka mpaka kutsokomola, anati kumbuyo kwa rauta kuli kabowo, ndibayemo ndi kanthu kosongoka ndipo zonse zibwerera pachiyambi. Bolopeni inakana kulowa. Kamtengo ka machesi nakonso kanali konenepa. Wotchi ikuthamanga.

"Phini alipo mmodzi yekha," anatero mkazi wanga, "wagwira duku la amayi."

Abale, mkamwini kupempha cha pamutu pa apongozi! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma kukana kukanatanthauza kuti gogo abwerere ndi nkhuku yawo osaona mdzukulu, chifukwa cha matama anga.

"Auzeni amayi kuti ofesi ikubwereka phini."

"Akuti ofesiyo ibwere idzatenge yokha."

Ndinapita chokwawa, nkhope nditalozetsa kukhoma, manja awiri nditatambasula. Iwo anapereka akuyang'ana kumsewu, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Ndinabaya kabowo kaja, magetsi a rauta anazima n'kuyakanso. Pasiwedi inabwerera ku yoyambirira, yolembedwa pansi pa kabokosiko. Ndinawerengera mkazi wanga, iye n'kubwereza mofuula kuti amayi amve, ndipo a pansi pa mango onse analemba nawo.

Foni inalira. Kamwana kanayasamula pagalasi, apongozi n'kuimba nthungululu, nkhuku ili m'mwamba ikukupiza mapiko. Anthu onse amene ndinawabuloka m'mawa anadzaza pakhonde kuombera m'manja. Ine ndinaonera pazenera, ndipo sindibisa, misozi inalengeza ndi chimwemwe.

Pochoka, apongozi analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti khoma limve: "Uwauze bambo a Chisomo kuti mwambo umati tizipewana panjira. Mwambowo sunanene kuti andithamangitse ndi mumlengalenga momwe. Phiniyo asunge, ndikuona kuti adzamufunanso."

Sananame, ndamugwiritsa kale ntchito kawiri. Mndandanda wa ololedwa ndinaulemba bwinobwino tsopano. Dzina langa ndi lachiwiri, pamwamba pali Mulungu Alipo.