Msonkho wa pa Firiji Yanga

Lolemba

Wailesi yandipatsa nzeru lero. Akuti dziko lina lalikulu laopseza linzake kuti likweza msonkho pa katundu yense wolowa kwawo, uja akuti talifi, ndipo linzakelo lanjenjemera, likupempha zokambirana. Kungoopseza basi, munthu n'kubwera yekha chipewa chili m'manja! Zaka zonse zija ndinagwira ku fakitale ya feteleza palibe anandiuzapo zimenezi.

Loweruka kuli chilanga mulilo cha mwana wanga Tisa, tsiku limene azimayi amasenza zakudya kukaonetsa mkamwini zimene timadya kwathu. Amake Tisa agawa ntchito. Iwo nkhuku, chikanda, ndiwo zotendera, chakumwa cha munkoyo. Ine ntchito imodzi yokha: nsomba, mpende zikuluzikulu.

"Mukapemphe chabe bwino kuli Bina Mutinta," akutero.

Kupempha! Ine mwini firiji? Bina Mutinta ndi mayi wa ku Chanyanya, kudoko la asodzi, amagulitsa nsomba pamsika. Zotsala amasunga m'firiji yanga, ija ndinagula nditapuma ntchito. Pothokoza amandisiyira tinsomba tonga chikhatho cha mwana.

Mphamvu zanga: firiji, loko, wailesi.
Mphamvu zawo: nsomba basi.

Mawa ndiopseza.

Lachiwiri

Ndavala jekete. Zinthu zotere sulengeza uli m'kabudula.

Bina Mutinta afika madzulo, beseni pamutu. Ndawauza mosapita m'mbali: kuyambira lero, beseni lililonse lolowa m'firiji, nsomba yaikulu kuposa zonse izitsala kwa ine. Pofika Loweruka ndikhala nazo zokwanira, osagwadira munthu.

Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Atate ake Tisa, muli chabe bwino? BP yakwela?"

Ndati ndi talifi, mayiko onse akutero. Asankha okha nsomba yaikulu, andiikira m'manja, achoka. Agonja tsiku loyamba lomwe! Ndikanadziwa kale, bwenzi pano ndili ndi galimoto.

Lachitatu

Sanagonje.

Amake Tisa amagulitsa vitumbuwa pakona pa tebulo la Bina Mutinta kumsika. Lero beseni la vitumbuwa labwerera lodzaza. Akuti malo achepa.

Bambo uja amatibweretsera makala panjinga wadutsa pageti pathu akuliza belu, osaima. Kodi ndani anandiuzapo kuti ndi mlongo wawo wa Bina Mutinta?

Mapoto akuluakulu ophikira Loweruka, nawonso kani timayembekeza kubwereka kwa iwo omwewo.

Sindimadziwa kuti nyumba yanga yonse inatsamira pa mayi mmodzi. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa wailesi akuti mnzako akabwezera, iwe umakweza. Ndatuma uthenga kuti tsopano ndi nsomba ziwiri pa beseni, ndipo ndakhoma loko pa firiji.

Masana: vitumbuwa. Madzulo: vitumbuwa. Amake Tisa sakundilankhula, akulankhula ndi mbale.

Lachinayi

Magetsi azima kusanache. Dzuwa lafika pamutu, sanabwere. Firiji ikutuluka thukuta, inenso chimodzimodzi. Pansi pali kamtsinje kofiirira kolowera kuchitseko.

Bina Mutinta atulukira ndi wilibala.

"Segulani."

Ndayamba kufotokoza kuti zokambirana zili ndi ndondomeko yake. Ndisanamalize, Amake Tisa apisa dzanja m'thumba la jekete yanga, atenga kiyi, atsegula. Mkazi wanga yemwe! Atulutsa zonse, mpaka thumba lina lolemera limene linali pansi penipeni, lomangidwa ndi kansalu ka chitenje. Zonse zapita kwa Ba Mwansa a golosale, amene firiji yawo imayendera sola ndipo sadziwa kuti magetsi amazima.

Ndathamangira kugeti, ndakuwa kuti talifi ndaiimitsa kaye mpaka kutha kwa mwezi, monga amachitira akuluakulu aja. Wilibala sinatembenuke.

Zokolola zanga sabata ino: nsomba imodzi. Yayamba kale kumveka fungo.

Lachisanu

Ngati wapakati wavuta, pita kugwero. Ndalawirira ku Chanyanya kukagula kwa asodzi eni ake. Fumbi m'maso, m'makutu, m'mano.

Mabwato afika, nsomba zili mbwee. Ndatulutsa ndalama. Palibe wondiyang'ana. Kani bwato lililonse lili ndi mayi wake amene amapereka maukonde ndi ufa asodzi asanalowe m'madzi. Nsomba imakhala ndi mwini wake ikadali kusambira! Ine ndakhala ku Kafue kuyambira ndili mnyamata, ndimangodziwa kuidya.

Msodzi wina wandiyang'anitsitsa.

"Ndimwe ba Talifi?"

Doko lonse lafa nacho chiseko. Wina wati popeza ndine wochokera kunja, ndilipire kaye msonkho woimira pamchenga wawo. Mbiri yafika kuno ine ndisanafike, pa njinga ya makala.

Ndabwerera ndi kapenta wa m'pepala, wogula pashopu. Nsomba yanga imodzi ija ndaikwirira kuseri kwa chimbudzi.

Amake Tisa andilankhula tsopano. Bola akanapitiriza kukhala chete.

"Muziba saka ija inali na chitenje? Zinali nsomba za Tisa. Bina Mutinta benze kusankha zikuluzikulu kuchokela last week, ati ni gift ya mwana. Zinali mu filiji yanu, pansi pa loko yanu. Manje bagulisa ku ma lodge."

Ndakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Loweruka

Ng'oma, nthungululu, vitenje vofanana. Azimayi asenza mapoto obwereka kutchalitchi, anyamuka ulendo kwa mkamwini. Mwambo wake bambo sapita, mkwatibwinso amatsala. Tatsala awiri m'nyumba, ine ndi Tisa, aliyense chipinda chake.

Ndikudziuza kuti pali nkhuku, pali chikanda, ndani awerenge nsomba?

Abwerako dzuwa litapendeka, opanda nyimbo. Akuti alangizi amavundukula mbale imodziimodzi, kufotokozera mkamwini, anthu akuwomba m'manja. Atafika pa mbale ya nsomba, azakhali a mwamuna asuzumira, akweza mawu kuti aliyense amve:

"Bantu ba mu Kafue, mtsinje uli pa mphuno, mwatiletela kapenta?"

Anthu anaseka, ena kujambula pafoni.

Tisa wamva zonse. Akulira kuchipinda, chapansipansi, kuti ndisamve. Khoma lathu ndi lopyapyala. Mtima ukundiwawa kuposa tsiku lija anatiuza kuti ntchito yatha. Mwanayu sanandipemphepo kanthu kovuta chibadwire.

Lamlungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Potuluka mkulu wa mpingo wandigwira dzanja, pakamwa pakunjenjemera pofuna kuseka. Nayenso wamva.

Magetsi abwera. Firiji ikulira bwinobwino, muli botolo la madzi.

Zoti ndichite mawa:
kupita kumsika, wopanda jekete;
kupepesa pamaso pa anthu, popeza pamaso pa anthu mpamene ndanyozetsa mwana;
kupempha kakona ka vitumbuwa kabwerere.

Akakana, akana. Ndikanakhala iwo, inenso ndikanakana.

Ukwati weniweni uli mwezi wamawa. Masana ano azimayi akhala pakhonde kugawana ntchito. Ndatuluka ndi kampando kanga, ndakhosomola, ndati ine ndingathe kuona za zakumwa, kapena za basi yonyamula alendo.

Tisa wanyamuka, wabwera kudzagwada pambali panga monga anaphunzitsidwira. Maso akadali otupa. Sanakalipe, wangondigwira bondo.

"Atate, imwe musavutike na vilivonse. Mukabwele chabe, munkale pansi."

Ndavomera.